Kodi Mumadziwa? Za China, Uthenga Wabwino ndi Pemphero Lathu

M'mapemphero athu sitilephera kunena kuti, "Ambuye, kumbukirani maiko amene sanalandire Uthenga Wabwino." Pempherolo ndi labwino, koma mtima umalemedwa kwenikweni ukadziwa anthu amene ukuwapempherera: kuti ndani, adutsa m'zotani, ndipo lero akusowa chiyani. N'chifukwa chake ulendo uno tikuyang'ana ku China. Muona kuti Chikhristu chinalowa m'dzikolo kangapo n'kuzimirira kangapo, ndipo chinadzazika mizu pamene Matchaina eni ake anachitenga kukhala chawo. Muonanso kuti ntchito yotsala ndi yaikulu.

DZIKO NDI ANTHU AKE

Kodi mumadziwa kuti kalembera wa 2020 anapeza anthu 1.41 biliyoni ku China? Ndiye kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse pa dziko lapansi, mmodzi amakhala kumeneko. Chigawo chimodzi chokha cha Guangdong chinali ndi anthu 126 miliyoni, kuwirikiza kasanu ndi kawiri chiwerengero cha Amalawi onse pa kalembera wa 2018.

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku China si a mtundu umodzi? Boma lawo limawerenga mitundu 56. A Han ndiwo ochuluka, pafupifupi 91 mwa anthu 100 alionse. Koma kulinso a Zhuang oposa 19 miliyoni. A Uyghur ndi a Hui, mtundu uliwonse oposa 11 miliyoni, amene ambiri ndi Asilamu. Ndi a ku Tibet pafupifupi 7 miliyoni, otsatira Chibuda. Pakati pa a Uyghur, a Hui ndi a ku Tibet Akhristu ndi ochepa kwambiri, moti munthu akhoza kubadwa mpaka kukalamba osachezapo ndi Mkhristu n'kamodzi komwe.

Kodi mumadziwa kuti boma la China limavomereza zipembedzo zisanu zokha? Izi ndi Chibuda, Chitao, Chisilamu, Chikatolika ndi Chipulotesitanti. Chipani cholamula cha Chikomyunisiti, chimene chili ndi mamembala pafupifupi 100 miliyoni, sichilola membala wake kukhala wa chipembedzo chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti kumayambiriro kwa Epulo chaka chilichonse mabanja amapita kumanda kukachita mwambo wa Qingming? Amalambula manda a makolo, kuikapo chakudya, kufukiza lubani ndi kutentha mapepala oimira ndalama. Tsono mwana akatembenuka mtima, makolo amada nkhawa kuti akadzamwalira adzasowa wowachitira zimenezi. Ife amene tikudziwa kulemera kwa nkhani ya mizimu ya makolo m'midzi mwathu tingamvetse kuti kumeneko munthu akasankha Khristu, banja lonse limagwedezeka.

UTHENGA UNAFIKA KALEKALE

Kodi mumadziwa kuti Chikhristu chinafika ku China m'chaka cha 635? Mlaliki wina dzina lake Alopen, wa Mpingo wa Kum'mawa umene unali wamphamvu ku Persia, anafika mumzinda wa Chang'an, umene lero ndi Xi'an. Mfumu yaikulu Taizong inamulandira, n'kulamula kuti mabuku amene anabwera nawo amasuliridwe. Apa n'kuti kutatsala zaka zoposa 1,200 kuti David Livingstone adzaone Nyanja ya Malawi mu 1859.

Kodi mumadziwa kuti umboni wake ndi chimwala chimene chilipo mpaka lero? Chinaimikidwa mu 781, kutalika kwake ndi pafupifupi mamita atatu, ndipo analembapo m'Chitchaina ndi m'Chisiriya mbiri ya mpingowo pamodzi ndi maina a atsogoleri ake. Mu 845 mfumu Wuzong inathetsa zipembedzo zochokera kunja, mpingo n'kufota. Chimwalacho chinakwiririka m'nthaka mpaka anthu anadzachifukula cha m'ma 1625. Pano chimasungidwa ku Xi'an komweko.

Kodi mumadziwa kuti m'zaka za m'ma 1200 Mkhristu wobadwira kufupi ndi Beijing anayenda mpaka ku Ulaya? Rabban Bar Sauma anafika ku Rome ndi ku Paris mu 1287 ndi 1288, n'kuonana ndi Papa Nicholas IV komanso Mfumu Edward I ya ku England. Mnzake amene ananyamuka naye limodzi ku China, Markos, anasankhidwa mu 1281 kukhala mtsogoleri wa Mpingo wonse wa Kum'mawa.

Kodi mumadziwa kuti ku Beijing kunali arkiepiskopi wa Chikatolika mu 1307? Anali John wa ku Montecorvino, amene anafika mu 1294, kumanga matchalitchi ndi kubatiza anthu zikwizikwi. Koma ambiri mwa okhulupirirawo anali alendo ndi anthu oyandikana ndi olamulira a Mongol. Ufumu wa a Mongol utagwa mu 1368, mpingo unapita nawo limodzi.

Kodi mumadziwa kuti chaka chimene mmishonale Francis Xavier anamwalira akuyang'ana China chapatali ndicho chaka chimene Matteo Ricci anabadwa? Xavier anafera pachilumba cha Shangchuan mu Disembala 1552 akudikira bwato lomuolotsa. Ricci, wansembe wa ku Italy, analowa m'dzikolo mu 1583. Anaphunzira chiyankhulo ndi mabuku a Confucius, anavala ngati anthu ophunzira a kumeneko, ndipo mu 1601 anafika ku Beijing. Bwenzi lake Xu Guangqi, amene anadzakhala nduna yaikulu, anabatizidwa mu 1603, ndipo dera la Xujiahui ku Shanghai limatchedwa ndi dzina la banja lake.

Kodi mumadziwa kuti mkangano wa amishonale okhaokha unatseketsa khomo? Mu 1692 mfumu Kangxi inavomereza Chikhristu. Koma amishonale anasemphana maganizo pa funso lakuti Mkhristu angachite nawo kapena ayi miyambo yolemekeza makolo ndi Confucius. Rome italetsa miyamboyo mfumu inapsa mtima, ndipo mu 1724 mwana wake Yongzheng analetsa Chikhristu. Akatolika a m'midzi anasunga chikhulupiriro chawo mobisa kwa zaka zoposa 100.

NTHAWI YA AMISHONALE

Kodi mumadziwa kuti mmishonale woyamba wa Chipulotesitanti anatha zaka zisanu ndi ziwiri asanabatize munthu? Robert Morrison anafika ku Guangzhou mu 1807, nthawi imene lamulo linkaletsa Mtchaina kuphunzitsa mlendo chiyankhulo. Woyamba kubatizidwa anali Cai Gao, mu 1814. Morrison ndi William Milne anamasulira Baibulo lonse, limene linasindikizidwa mu 1823. Pomwalira mu 1834 anali atabatiza anthu owerengeka chabe, koma anasiya Mawu a Mulungu m'Chitchaina.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone ankafuna kupita ku China? Anaphunzira udokotala ndi cholinga chimenecho, atawerenga pempho la mmishonale Karl Gützlaff lofuna madokotala. Nkhondo ya Britain ndi China itabuka mu 1839 njira inatsekeka, ndipo atakumana ndi mmishonale Robert Moffat analowera ku Africa. Mishoni za UMCA, Livingstonia ndi Blantyre zinadza potsata mapazi ake. Ife tinapindula ndi wantchito amene mtima wake poyamba unali pa Matchaina, choncho tili nayo ngongole ya pemphero.

Kodi mumadziwa chimene ankalimbirana pa nkhondoyo? Amalonda a ku Britain ankagulitsa ku China mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium, boma la China n'kuletsa. China inagonja mu 1842, n'kulandidwa Hong Kong, ndipo inagonjanso mu 1860. Mapangano amene anakakamiza dzikolo kutsegula madoko ake ndi omwenso anapatsa amishonale ufulu wolowa kumidzi. Gützlaff yemweyo anagwirapo ntchito yomasulira m'sitima zonyamula opium. Bala limeneli silinapole: mpaka lero alipo Matchaina amene amaona Chikhristu ngati chipembedzo cha atsamunda.

Kodi mumadziwa kuti timabuku tachikhristu towerengedwa popanda wophunzitsa tinathandiza kuyatsa nkhondo yoopsa? Liang Fa, mlaliki woyamba wa Chitchaina pakati pa Apulotesitanti, anatulutsa timabuku tofalitsa Uthenga mu 1832. Hong Xiuquan atatiwerenga anayamba kudzitcha mng'ono wake wa Yesu, n'kutsogolera nkhondo youkira boma ya Taiping. Pofika 1864 anthu osachepera 20 miliyoni anali atafa. Popempherera otembenuka mtima, tisaiwale kupempherera owaphunzitsa.

Kodi mumadziwa kuti Hudson Taylor anayamba China Inland Mission mu 1865 ndi pemphero lopempha antchito 24? Ankafuna awiri pa chilichonse cha zigawo 11 zimene kunalibe mmishonale, ndi awiri a ku Mongolia. Ankavala zovala za Chitchaina ndi kuluka tsitsi ngati amuna a kumeneko, azungu anzake n'kumamuseka. Bungwe lake silinkayenda kupempha ndalama kwa anthu. Pomwalira iye ku Changsha mu 1905, n'kuti lili ndi amishonale oposa 800. Lero limatchedwa OMF International.

Kodi mumadziwa kuti mu 1900 Akhristu a Chitchaina pafupifupi 30,000 anaphedwa? Gulu la Boxer, limene linkafuna kuthamangitsa alendo onse, linkawatenga ngati atumiki a azungu. China Inland Mission inataya amishonale 58 ndi ana awo 21, koma inakana kulandira chipukutamisozi. Pa 1 Okutobala 2000, Papa John Paul II analengeza kuti ofera chikhulupiriro 120 a ku China, ophedwa m'nyengo zosiyanasiyana, ndi oyera. Mwa iwo, 87 anali Matchaina.

Kodi mumadziwa kuti Baibulo limene Apulotesitanti ambiri a ku China amawerenga ndi la msinkhu umodzi ndi Buku Lopatulika? Lawo linatuluka mu 1919, m'chiyankhulo cha Mandarin chimene anthu wamba amayankhula, patatha pafupifupi zaka 30 ntchito ili m'kati. Lathu linatuluka mu 1922. Onse awiri anatheka chifukwa mishoni zosiyanasiyana zinagwirizana kuti anthu akhale ndi Baibulo limodzi.

Kodi mumadziwa kuti anthu opemphera ali ku England anathandiza kubala mpingo m'mapiri a ku Yunnan? James Fraser analalikira kwa a Lisu kwa zaka zingapo popanda chooneka. Analembera mayi ake kuti asonkhanitse anzawo azipemphera, ndipo iye ankawatumizira makalata ofotokoza midzi, mabanja ndi zovuta zake. Mu 1916 mabanja ambirimbiri anayamba kutembenuka. Fraser sankalipira alaliki kapena kumangira anthu matchalitchi; a Lisu ankachita okha. Iye anamwalira ndi malungo mu 1938, koma zilembo zimene anathandiza kukonza zikugwirabe ntchito, ndipo a Lisu ndi amodzi mwa mitundu ya ku China imene ili ndi Akhristu ambiri.

Kodi mumadziwa kuti katswiri wothamanga Eric Liddell anabadwira ndi kufera ku China? Anabadwira ku Tianjin mu 1902. Pa mpikisano wa Olympic wa ku Paris mu 1924 anakana kuthamanga Lamulungu, n'kukapambana pa mtunda wa mamita 400. Chaka chotsatira anabwerera ku China kukaphunzitsa ndi kulalikira, ndipo anafera mumsasa wa akaidi wa asilikali a Japan mu 1945.

Kodi mumadziwa kuti chikomyunizimu chisanalowe, Matchaina anali atayamba kale kudzitsogolera mumpingo? Mu 1926 Papa Pius XI anadzoza maepiskopi asanu ndi mmodzi a Chitchaina ku Rome. John Sung, amene anaphunzira sayansi ku America mpaka kufika pa udokotala, anasiya zonse mu 1927 n'kuyamba kulalikira za kulapa mzinda ndi mzinda. Anamwalira mu 1944. Atsogoleri otere ndi amene anakonzekeretsa mpingo pa mayesero amene ankabwera.

ZITSEKO ZITATSEKEDWA

Kodi mumadziwa kuti pamene Mao Zedong ankalengeza boma latsopano pa 1 Okutobala 1949, ku China kunali Akatolika pafupifupi 3 miliyoni ndi Apulotesitanti osafika 1 miliyoni? Patangopita zaka zochepa amishonale anali atachotsedwa, ndipo masukulu ndi zipatala za mishoni zinali m'manja mwa boma. Ambiri kunja ankati mpingo watha.

Kodi mumadziwa kuti kuyambira nthawi imeneyo Akhristu a ku China amapemphera m'magulu awiri? Mu 1954 kunakhazikitsidwa bungwe la Three-Self Patriotic Movement loyang'anira Apulotesitanti, lokhala ndi mfundo zitatu: kudzilamulira, kudzidalira pa chuma ndi kudzifalitsira Uthenga. Mu 1957 kunabwera lina loyang'anira Akatolika. Amene amaona kuti mabungwewa amaika chipani pamwamba pa Khristu amakumana m'mipingo ya m'nyumba, yosalembetsedwa kuboma. Mbali zonse ziwiri kuli okhulupirira enieni, ndipo pakati pawo pali mabala ofunika kupola.

Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa abusa olemekezeka kwambiri ku China anagwapo kenako n'kudzuka? Wang Mingdao wa ku Beijing anakana kulowa m'bungwe la boma, n'kumangidwa mu 1955. Atapanikizidwa kwa chaka chathunthu anasaina kalata yovomera milandu imene sanapalamule, ndipo anamasulidwa. Mtima sunamupatse mtendere. Ankadziyerekeza ndi Petro amene anakana Mbuye wake. Anabweza mawu ake, n'kubwerera kundende mu 1958, mkazi wake n'kumangidwanso, ndipo anatulukamo patapita zaka zoposa 20. Mlaliki wina, Watchman Nee, anamangidwa mu 1952, n'kufera m'ndende mu 1972. Episkopi wa ku Shanghai, Ignatius Kung, anakhala m'ndende zaka 30 chifukwa chokana kulekana ndi Papa.

Kodi mumadziwa kuti m'nthawi ya chipwirikiti cha Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, matchalitchi anatsekedwa m'dziko lonse? Ena anawasandutsa mafakitale ndi nkhokwe, ndipo Mabaibulo anatenthedwa pamisewu. Mbusa Wang Zhiming wa mtundu wa Miao anaphedwa pamaso pa chikhamu cha anthu pa 29 Disembala 1973. Chiboliboli chake chili pakhomo la Westminster Abbey ku London, pamodzi ndi cha Janani Luwum wa ku Uganda ndi cha Manche Masemola wa ku South Africa.

Kodi mumadziwa kuti matchalitchi atayamba kutsegulidwanso mu 1979 kunapezeka kuti okhulupirira achuluka kuposa kale? Ankakumana usiku m'nyumba, anthu ochepa, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Amene anabisa Baibulo ankabwereketsa anzake kuti akopere pamanja. Ena ankatchera khutu pa wailesi ya FEBC, imene inayamba kuulutsa mawu ku China kuchokera ku Manila mu 1949. Abusa ambiri ali m'ndende, amayi ndi agogo ndi amene ankapempherera odwala ndi kuphunzitsa ana.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo zambiri zimene Akhristu a ku China amaimba zinapekedwa ndi mayi wa kumudzi amene sanaphunzirepo zoimba? Lü Xiaomin wa m'chigawo cha Henan anasiya sukulu ali wamng'ono chifukwa cha matenda. Anayamba kupeka nyimbo cha m'ma 1990, ndipo zaposa 1,000. Zimaimbidwa m'mipingo ya m'nyumba ndi m'yolembetsedwa yomwe.

MMENE ZILILI LERO

Kodi mumadziwa kuti chiwerengero cha Akhristu ku China chimasiyana malinga ndi amene wawerenga? Mu 2018 boma linati kuli Apulotesitanti 38 miliyoni ndi Akatolika 6 miliyoni. Bungwe la Pew linapeza mu 2023 kuti pa kafukufuku, akuluakulu awiri okha mwa 100 alionse ndiwo amadzitchula kuti ndi Akhristu. Mabungwe ena, powerengera mipingo ya m'nyumba, amati alipo 70 miliyoni mpaka 100 miliyoni. Ngakhale titatenga nambala yaikuluyo, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sanalandirebe Khristu.

Kodi mumadziwa kuti dziko limene linkatentha Mabaibulo lili ndi imodzi mwa mafakitale aakulu kwambiri osindikiza Baibulo? Usiku wa pa 18 Juni 1981 bungwe la Open Doors linatsitsa mozemba Mabaibulo 1 miliyoni pagombe lina kufupi ndi Shantou. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi zokha, mu 1987, fakitale ya Amity ku Nanjing inayamba kusindikiza movomerezeka, mogwirizana ndi United Bible Societies. Mu 2019 inafikitsa Mabaibulo 200 miliyoni, ambiri otumizidwa kunja, kuphatikizapo ku Africa. Tsegulani masamba oyambirira a Baibulo lanu. Mukhoza kupeza kuti linasindikizidwa ku China. Komabe m'dzikolo Baibulo limagulitsidwa kudzera m'matchalitchi olembetsedwa, ndipo mu 2018 analetsa kuligulitsa pa intaneti.

Kodi mumadziwa kuti malamulo a zipembedzo akhwima m'zaka zaposachedwapa? Pakati pa 2014 ndi 2016 mitanda yoposa 1,000 inagwetsedwa pamadenga a matchalitchi m'chigawo cha Zhejiang. Pa 1 Febuluwale 2018 malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito, ndipo m'madera ambiri ana osakwana zaka 18 saloledwa kulowa m'tchalitchi. Kuyambira Malichi 2022, kuika ulaliki pa intaneti kumafuna chilolezo cha boma. Taganizani za kholo lofuna kuti mwana wake adziwe Yesu pamene Sande sukulu ndi yoletsedwa.

Kodi mumadziwa kuti abusa akumangidwabe? Abusa Wang Yi a mpingo wa Early Rain ku Chengdu anagwidwa mu Disembala 2018 pamodzi ndi akhristu awo ambiri, ndipo patatha chaka anagamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu ndi zinayi. Mbusa akamangidwa, banja lake limakhala likulondedwa, ndipo mpingo umagawikana m'timagulu tating'ono tofuna atsogoleri atsopano.

Kodi mumadziwa kuti anthu pafupifupi 300 miliyoni a kumidzi amagwira ntchito kutali ndi minda yawo, ambiri m'mafakitale ndi pa zomangamanga m'mizinda? Ana amatsala ndi agogo, ndipo mipingo ya kumidzi yatsala ndi okalamba. Lamulo la mwana mmodzi pa banja, limene linathetsedwa mu 2015, linasiya nkhalamba zambiri zikudalira mwana mmodzi yekhayo. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 264 miliyoni a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2022 chiwerengero cha anthu m'dzikolo chinayamba kutsika. Kusungulumwa kwafika m'nyumba zambiri zimene chakudya sichisowa.

Kodi mumadziwa kuti pali tsiku lopempherera mpingo wa ku China? M'kalata yake ya mu 2007, Papa Benedict XVI anasankha 24 Meyi, tsiku limene Akatolika a ku China amapita kukapemphera paphiri la Sheshan kufupi ndi Shanghai. Mu 2018 Vatican ndi boma la China anagwirizana za kasankhidwe ka maepiskopi, ndipo mu 2024 anaonjezera pangano lawolo ndi zaka zinayi. Ena amaliona ngati chiyembekezo, ena amati silinachepetse mavuto a okhulupirira.

Kodi mumadziwa kuti simufunika ndege kuti mufikire Mtchaina? Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China n'kutha mu 1975. Malawi anakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo potsatira pake panabwera Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, bwalo la zamasewero la Bingu ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST. Matchaina tili nawo m'masitolo, m'malo odyera ndi pa ntchito za misewu. Nthawi zambiri timawatchula pokhapokha tikudandaula za malipiro kapena katundu. Koma mnyamata amene waima kuseri kwa kauntala uja ali ndi dzina, ali ndi mayi ake kutali, ndipo pa chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, mu Januwale kapena Febuluwale, amapukwa kwawo. Kuno palibe lamulo lomuletsa kulandira Baibulo kapena kulowa m'tchalitchi mwanu.

Kodi mumadziwa kuti nthawi ya ku China ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi yathu? Mapemphero a 9 koloko m'mawa ku Beijing amayamba kuno ili 3 koloko mbandakucha. Choncho wofuna kupempherera ulaliki wa Lamulungu kumeneko achite zimenezi Loweruka madzulo.

TSONO TIPEMPHERE BWANJI?

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti mpingo umene unatsamira pa mafumu kapena pa mfuti za alendo sunalimbe, koma umene unakhala m'mitima ndi m'nyumba za Matchaina unapirira. Choncho pemphero lathu loyamba likhale lakuti Akhristu a ku China eni ake alimbe mtima ndi kulankhula za Yesu kwa abale awo, anzawo a kuntchito ndi anansi awo.

Tipempherere mitundu imene ili ndi Akhristu ochepa, monga a Uyghur, a Hui, a Zhuang ndi a ku Tibet, kuti amve Uthenga m'ziyankhulo zawo. Tipempherere makolo amene atsala okha pa ntchito yophunzitsa ana chikhulupiriro. Tipempherere abusa a m'ndende, akazi awo ndi ana awo. Tipemphe aphunzitsi okhulupirika a Mawu kuti ziphunzitso zonama zisasocheretse otembenuka kumene. Tipemphe chiyanjano pakati pa mipingo yolembetsedwa ndi ya m'nyumba. Tisaiwale olamulira, apolisi ndi oweruza milandu, pakuti Malemba amatilamula kupempherera onse audindo, ndipo nawonso Khristu anawafera. Pomaliza, tipempherere ana athu amene akuphunzira kapena kuchita malonda ku China, kuti khalidwe lawo likhale umboni wabwino.

Mfundozi zisathere papepala. Zitengereni ku Mvano, ku limana, ku gulu la achinyamata kapena pa mapemphero a m'banja. Sankhani mfundo imodzi sabata iliyonse, muifotokoze mwachidule, kenako mupemphere motchula maina a anthu, mizinda ndi mitundu. Lembani 24 Meyi pa kalendala ya mpingo wanu. Ndipo ngati mukudziwa Mtchaina amene amakhala kapena kugwira ntchito m'dera lanu, mufunseni dzina lake, mumuitane kunyumba kudzadya nanu, ndipo muyambe kumupempherera tsiku ndi tsiku.